Chimene Ukukoka Lero Chidzakukoka Mawa

Khutba ya Jumu'ah, Kalomwe, m'boma la Angónia

KHUTBA YOYAMBA

Kutamandidwa konse ndi kwa Allah, Mwini ulemerero ndi ukulu, amene anatiumba m'mimba mwa amayi athu tilibe dzina, natitulutsa tilibe chovala, kenako natipatsa zonse ziwiri mwa chifundo Chake. Palibe chobisika kwa Iye mwa zimene zili m'zifuwa, ndipo palibe chotchinga pakati pa Iye ndi mitima ya akapolo Ake. Tikuikira umboni kuti palibe wopembedzedwa mwachoonadi koma Allah Yekha, alibe wothandizana naye, ndipo tikuikira umboni kuti Muhammad ndi kapolo Wake ndi Mtumiki Wake. Madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, pa akubanja kwake, pa maswahaba ake, ndi pa onse owatsatira mwaubwino kufikira Tsiku la Malipiro.

Pambuyo pa izi, inu akapolo a Allah, tikudzilangiza tokha poyamba, kenako tikukulangizani inu, kuti timuope Allah poyera ndi mseri, pamene maso a anthu ali pa ife ndiponso pamene tatsala tokha m'nyumba nyali itazima.

Abale ndi alongo olemekezeka m'Chisilamu, sabata ino itatha Swala ya Isha, anyamata ena a m'madrasa mwathu anatidikira pakhonde la mzikiti, foni ili m'manja. Anatisonyeza anthu otchuka a kunja, oimba ndi a mafilimu, akufotokoza za kutchuka kwawo, ndipo anatifunsa za liwu limodzi la Chingerezi limene linkamveka kawirikawiri m'zokamba zawo, liwu lakuti drag. Si chizolowezi chathu kukwera pa mimbari ndi mawu a Chingerezi. Koma funso la mwana silitayidwa, ndipo titalilondola liwulo tinapeza kuti mkati mwake muli phunziro la ife tonse, akulu ndi ana omwe.

Eni chilankhulocho amaligwiritsa ntchito m'njira zambiri. Munthu akamakhwekhwereza thumba pansi chifukwa lam'kanika kusenza, amatchula liwu limenelo. Wosuta akakoka utsi wa fodya kamodzi, amatchula lomwelo. Mphepo imene imalimbana ndi lole yothamanga, kuibweza m'mbuyo, imatchedwa chimodzimodzi, ndipo ntchito yotopetsa yosatha msanga nayonso ili ndi dzina lomwelo. Achinyamata a pa intaneti amati achita zimenezo akam'gwira munthu ndi kum'nyoza pagulu mpaka atasowa pobisa nkhope. Tanthauzo limene anyamata athu anafunsa ndi lomaliza: mwamuna kuvala ndi kudzola ngati mkazi, n'kukwera pa bwalo kukasangalatsa anthu. Pa Chipwitikizi timati arrastar, pa Chiarabu pali jarra ndi sahaba, ndipo kwathu kuno tili nawo mawu athu: kukoka, kuguza, kukhwekhwereza, kududuluza. Lero tiyenda ndi mawu amenewa, chifukwa Mtumiki wa Allah, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, anawatchula ponena za kutchuka zaka zoposa 1400 zapitazo.

Tiyambe ndi chovala. Munthu wotchuka kwambiri pa masewero ovala zachikazi ndi wa ku America, dzina lake RuPaul, amene pulogalamu yake ya pa wailesi ya kanema inayamba mu 2009. Ganizo limene iye amalibwereza ndi lakuti popeza palibe amene anabadwa atavala, ndiye kuti chilichonse chimene munthu amavala pambuyo pake ndi cha sewero basi, kaya ndi suti ya bwana kaya ndi yunifolomu ya msilikali.

Za mwamuna kudzifanizira ndi mkazi, kapena mkazi kudzifanizira ndi mwamuna, lamulo la Deen yathu ndi lomveka ndipo sitilitalikitsa: Imam Bukhari analandira kuchokera kwa Ibn Abbas, Allah asangalale naye, kuti Mtumiki anaziletsa zimenezi ndi mawu olemera. Msilamu amaima pamenepo. Koma lamulo limeneli silipatsa munthu aliyense chilolezo chonyoza, chomenya kapena chochititsa manyazi cholengedwa cha Allah, ndipo khutba ino sitinaikonzere anthu a kutsidya kwa nyanja amene sakutimva. Taikonzera ife amene takhala pa mphasa muno.

Pakuti m'ganizo la munthu ameneyu muli choona china. Tinabweradi opanda chovala. Mayi wa okhulupirira Aisha, Allah asangalale naye, anamva kwa Mtumiki kuti anthu adzasonkhanitsidwa pa Tsiku la Kiyama opanda nsapato ndi opanda zovala. Atadabwa kuti kodi amuna ndi akazi sadzayang'anana, anauzidwa kuti zoopsa za tsikulo zidzakula koposa mwakuti palibe adzakumbuka kuyang'ana mnzake. Mwana amafika wamaliseche, maliro amachoka ndi nsalu yoyera yopanda thumba. Pakati pa ziwirizi pali suti, pali mkanjo, pali maudindo, pali mayina aulemu, ndipo zonsezo zidzavulidwa.

Pamene ganizolo lalephera ndi pa mawu akuti chilichonse. Mu Surat Al-A'raf, ndime 26, Allah akutikumbutsa kuti anatipatsa chovala chobisa maliseche ndi chovala chodzikongoletsera, kenako akutchula chachitatu chimene chili chabwino kuposa ziwirizo, ndicho chovala cha taqwa. Chovala chimenechi si cha sewero, chifukwa sichivalidwa kuti anthu aone. Sichigulitsidwa pa mulu wa kalamidade pa msika wa Kalomwe, sichisokedwa ndi telala wa ku Ulongwe, ndipo ndicho chokha chimene wosambitsa maliro sangativule.

M'zisudzo za ana a sukulu timaona mnyamata atamanga chitenje ndi duku, akutsimphina ndi ndodo ngati agogo. Oonerera onse amadziwa kuti ndi mwana wa uje, ndipo sewero likatha amavula n'kubwerera kwawo kukadyetsa mbuzi. Choopsa ndi sewero limene silitha, limene wolichita amapita nalo ku msika, ku maliro, ku mzikiti, mpaka iye mwini aiwale nkhope yake yeniyeni. Sewero limeneli dzina lake ndi riyaa, kuchita ntchito ya Allah kuti anthu aone. Abu Dawud ndi Ibn Majah analandira kuchokera kwa Ibn Umar kuti amene avala chovala chofunira kutchuka pa dziko lino, Allah adzamuveka chovala cha manyazi pa Tsiku la Kiyama. Maulama pofotokoza hadith imeneyi anati sikunena za nsalu yodula yokha. Munthu angathe kuvala sanza kuti anthu azinena kuti uyu ndiye wodzipatula ku za m'dziko. Mkanjo woyera, mzuli, ndevu, tasbih m'manja, hijabu yaitali, dzina lakuti Al-Hajj, zonsezi ndi zabwino zikakhala za Allah. Zikakhala za maso a anthu, ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsopano tifike pa kukhwekhwereza. Pakati pa Aarabu akale, munthu wofuna kuonetsa kuti ndi wachuma ankatalikitsa nsalu yake kuti izikwekwesa pansi akamayenda, ngati kunena kuti nsalu kwa iye si kanthu. Bukhari ndi Muslim analandira kuchokera kwa Ibn Umar kuti wokhwekhwereza chovala chake chifukwa cha kudzikweza, Allah sadzamuyang'ana pa Tsiku la Kiyama. Taonani kulingana kwa chilango ndi tchimo: ankafuna kuti aliyense amuyang'ane, ndipo adzamanidwa kuyang'anidwa ndi Mmodzi yekhayo amene kuyang'ana Kwake kuli ndi phindu. Abu Bakr, Allah asangalale naye, atamva izi anachita mantha, nati mbali imodzi ya nsalu yake imatsetsereka pokhapokha aziisamala nthawi zonse. Mtumiki anam'khazika mtima pansi pomuuza kuti iye sali m'gulu la ochita zimenezi modzikweza. Nsalu ziwiri zikhoza kufika pansi mofanana, mitima iwiri n'kukhala kutali ngati kum'mawa ndi kumadzulo.

Choncho asatuluke wina muno n'kukanena kuti a Shehe aletsa kutchena. Munthu wina anafunsa Mtumiki za kukonda malaya abwino ndi nsapato zabwino, ndipo yankho, monga analandira Imam Muslim kuchokera kwa Ibn Mas'ud, linali lakuti Allah amakonda kukongola, ndi kuti kudzikweza ndiko kukana choonadi ndi kupeputsa anthu. Valani bwino pa Jumu'ah, dzolani mafuta onunkhira, chitirani Eid ulemu wake. Funso ndi limodzi: ukuvalira yani?

Inu akapolo a Allah, ife a kumtunda kuno timaidziwa ngolo. Pokwera chitunda ng'ombe ndizo zimakoka ngolo. Koma ngolo ikadzazidwa ndi matumba a mbatata mopitirira muyeso, n'kufika pa mtsetse, zinthu zimatembenuka: katundu ndiye amayamba kukankha ng'ombe, goli limazipana m'khosi, ndipo mwini akapanda kusamala zonse zimathera m'ngalande. Kutchuka kuli chimodzimodzi. Poyamba munthu amakukoka yekha ndi thukuta lake. Kukalemera, kumayamba kum'lamulira chovala, cholankhula, anzake oyenda nawo, ngakhale nthawi yoseka ndi yolira.

Amene anafika pamwamba ndiwo akuchitira umboni. Jim Carrey, wa mafilimu anthabwala amene anaseketsa dziko lonse, ananenapo kuti akanakonda munthu aliyense alemere, atchuke, apeze zonse zimene ankalota, kuti adzionere yekha kuti yankho silili m'menemo. Uyu si shehe, sanaphunzire m'madrasa, koma analawa madziwo napeza kuti ndi amchere.

Mboni ina ndi m'bale wathu m'Chisilamu, Muhammad Ali, katswiri wa nkhonya. Ali mnyamata ankadzitcha wopambana onse, ndipo mu 1974 ku Kinshasa, atagonjetsa George Foreman, panalibe nkhope yodziwika pa dziko kuposa yake. Mu 1984 anam'peza ndi matenda a Parkinson, amene amanjenjemeretsa thupi ndi kulemeretsa lilime. Mu 1996 dziko lonse linamuona ku Atlanta akuyatsa moto wa masewera a Olimpiki, mkono umene unkagwetsa ziphona ukunjenjemera ngati tsamba. Iye mwini ananena kuti Allah anam'patsa matendawo kuti am'kumbutse kuti woyamba si iye, woyamba ndi Allah. Ndipo mu 2002, pamene a ku Hollywood anafuna kum'lemekeza ndi nyenyezi yolembedwa dzina lake, monga amachitira ndi otchuka ena poiika pansi pamene anthu amaponda, iye anapempha kuti yake isaikidwe pansi, chifukwa dzina limene ankadziwika nalo ndi la Mtumiki. Anaikhoma pa khoma. Anamwalira mu 2016, anam'swalira Janaza ku Louisville, ndipo anapita ndi nsalu yoyera monga adzapitira mlimi wa ku Domwe. Allah am'khululukire ndi kum'chitira chifundo.

Qur'an yolemekezeka inatiuza kale nkhani yotere. Mu Surat Al-Qasas, kuyambira ndime 76, muli mbiri ya Qarun, wa mtundu wa Mneneri Musa, mtendere ukhale pa iye, amene makiyi okha a nkhokwe zake ankalemetsa gulu la amuna amphamvu. Tsiku lina anatuluka pamaso pa anthu ake atavala ulemerero wake wonse. Okonda za m'dziko anakhumbira kuti akanakhala ngati iye, pamene ozindikira anawachenjeza kuti malipiro a Allah ndiwo abwino. Nthaka inam'meza iye ndi nyumba yake, ndipo kutacha, omwe aja ankasirira dzulo anayamba kuthokoza kuti sanapatsidwe zimene anapatsidwa iye. Tikamatsitsa chala pa foni usiku, tikuona magalimoto ndi nyumba za anthu osawadziwa, mtima ukuwawa, tadzifunseni kuti pa magulu awiri aja taima pati. Makolo athu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Abale ndi alongo, kukoka kumene kukutiopsa kwambiri tasungira kumapeto. Imam Muslim analandira kuchokera kwa Abu Hurayra, Allah asangalale naye, nkhani ya anthu atatu oyamba kuweruzidwa pa Tsiku la Kiyama. Si akuba, si zidakwa, si achiwerewere. Woyamba anafera pa nkhondo, wachiwiri anaphunzira ndi kuphunzitsa ndi kuwerenga Qur'an, wachitatu anapatsidwa chuma n'kuchipereka m'njira zonse zabwino. Aliyense adzakumbutsidwa mitendere imene anapatsidwa ndipo adzaivomera, aliyense adzanena kuti anachita ntchito yake chifukwa cha Allah, ndipo aliyense adzauzidwa kuti wanama. Woyamba ankafuna kutchedwa ngwazi, wachiwiri ankafuna kutchedwa wophunzira ndi wodziwa kuwerenga, wachitatu ankafuna kutchedwa wopatsa. Anthu anawatchuladi motero. Malipiro awo analandira kale m'kamwa mwa anthu. Kenako lamulo lidzaperekedwa, ndipo aliyense wa iwo adzadudulizidwa nkhope ili pansi mpaka kuponyedwa ku Moto. Nkhope yomweyo imene anaikonzera maso a anthu ndiyo idzakwekwesa pansi. M'kulandira kwa Imam Tirmidhi, Abu Hurayra anakomoka kangapo asanathe kuifotokoza hadith imeneyi, ndipo Mu'awiya ataimva analira kwambiri.

Tiibweretse kwathu. Pa Ramadan ndi pa Eid ya nsembe timagawa ufa, mafuta, shuga ndi nyama. Nanga ndi kangati mayi wamasiye waimitsidwa padzuwa, thumba lili pamutu, kudikira kuti wopereka akonze kolala ya malaya ake asanajambulidwe? Madzulo chithunzicho chili pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp, ana a mayiyo akusekedwa ku sukulu. Tam'patsa makilogalamu asanu a ufa, tam'landa ulemu wa chaka chonse. Tikudziwa kuti otumiza thandizo kuchokera kutali ali ndi ufulu wodziwa kuti lafika. Jambulani matumba, lembani m'kaundula, sainitsani mboni, koma nkhope ya wosauka si risiti. Mu Surat Al-Baqara, ndime 264, Allah akufanizira wopereka modzionetsera ndi thanthwe lokutidwa ndi dothi pang'ono, limene mvula yamphamvu ikagwa limatsala lambee. Ife amene timalima m'mapiri tikudziwa mmene dothi limakokolokera pamene palibe mizere yolitchinga.

Nanga ana athu amene ali ku Joni, ku Tete ndi ku Beira? Ena amagona asanu m'chipinda chimodzi, koma chithunzi chimene amatumiza kumudzi ajambulitsa atatsamira galimoto ya bwana, atavala jekete lobwereka. Mng'ono wawo akachiona amasiya sukulu, amagulitsa mbuzi za amayi ake, n'kukwera lole pa chipata cha malire pano, kulondola moyo umene kulibe. Bodza la chithunzi chimodzi lakoka mwana wa eni kum'chotsa pa khomo la makolo ake. Nanga maukwati amene timachitira ngongole ya katapira kuti mudzi ukambe kwa sabata imodzi, kenako banja latsopano n'kuyamba moyo ndi kugulitsa chimanga chisanache? Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika.

Ndipo tisadzipatule ife okwera pa mimbari, pakuti wachiwiri mwa atatu aja ndi wa m'gulu lathu. Masiku ano khutba imajambulidwa ndi kutumizidwa m'mafoni, ndipo tikuvomera pamaso panu kuti mtima umafuna kudziwa kuti afika nayo pati, aimva angati, ayamikira angati. Pamene tikukonza mawu awa, Shaytwan sanapite ku tchuthi. Tipempherereni monga ife tikupemphererani. Imam Tirmidhi analandira kuchokera kwa Ka'b ibn Malik kuti mimbulu iwiri yanjala yolowa m'khola la nkhosa siwononga kuposa mmene dyera la chuma ndi dyera la ulemu zimawonongera Deen ya munthu. Mmbulu woyamba timaudziwa ndipo timautsekera khola. Wachiwiri timaulandira pakhomo ndi manja awiri.

Tanena zimene mwamvazi, ndipo tikupempha chikhululuko kwa Allah pa machimo athu ndi anu. M'pempheni chikhululuko, pakuti Iye ndi Wokhululuka, Wachisoni.

KHUTBA YACHIWIRI

Kutamandidwa ndi kwa Allah Yekha, ndipo madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki amene palibe mneneri wina pambuyo pake.

Inu akapolo a Allah, wina angafunse kuti kodi kudziwika ndi tchimo. Ayi. Palibe dzina lotchulidwa pa dziko kuposa la Mtumiki wathu, limene limamveka pa adhana kasanu pa tsiku kuchokera kuno mpaka kumalekezero a dziko, ndipo mu Surat Ash-Sharh Allah akunena kuti Iye ndiye anakweza kutchulidwa kwake. Abu Dharr, Allah asangalale naye, anafotokoza kuti Mtumiki anafunsidwa za munthu wochita zabwino amene anthu akum'tamanda nazo, ndipo anayankha kuti umenewo ndi uthenga wabwino wofika msanga kwa wokhulupirira. Bukhari ndi Muslim analandiranso kuti Allah akam'konda kapolo Wake amadziwitsa Jibril, Jibril amadziwitsa a kumwamba, kenako munthuyo amaikidwira kulandiridwa pa dziko. Kutchuka kotere kumatsika kuchokera kumwamba, mwini wake asanakufunefune. Kumene tikukuchenjezani ndi kumene munthu amakukumba yekha pansi ndi zikhadabo.

Maria Mutola atapambana mpikisano wa mamita 800 ku Sydney mu 2000, napatsa Mozambique mendulo yake yoyamba yagolide ya Olimpiki, tonse tinakondwa, ndipo dzina lake linabwera pambuyo pa zaka za thukuta. Sadio Mané wa ku Senegal, akusewera mpira ku Liverpool mu 2018, wina anam'jambula akutsuka zimbudzi za mzikiti, ndipo kwawo ku Bambali anamangitsa chipatala. Za m'mitima mwawo adziwa ndi Allah. Chimene tikuphunzira ndi chakuti dzina liyenera kuyenda pambuyo pa ntchito monga ngolo iyenda pambuyo pa ng'ombe.

Ndipo alipo ena amene Allah anawabisa chifukwa chowakonda. Uwais Al-Qarni anali munthu wa ku Yemen amene sanaonane ndi Mtumiki, ndipo ankadziwika ndi kusamalira amayi ake. Mtumiki anauza Umar za iye, namulangiza kuti akadzam'peza adzam'pemphe kuti am'pemphere chikhululuko. Umar, ali mtsogoleri wa Asilamu onse, ankafunsa magulu ochokera ku Yemen mpaka anam'peza. Atamva kuti akupita ku Kufa, anafuna kum'lembera kalata yopita kwa bwanamkubwa wa kumeneko, koma Uwais anasankha kukhala pakati pa anthu wamba osadziwika. Pambuyo pake anthu atayamba kum'zindikira, anachoka. Kumbukiraninso mayi uja ankasesa mu mzikiti wa Madina. Atamwalira anthu anamuika osam'dziwitsa Mtumiki, poyesa kuti nkhani yake ndi yaing'ono. Mtumiki atam'sowa anafunsa, napempha kuti am'sonyeze manda ake, napita kukam'swalira. Muno mu mzikiti mwathu alipo wotunga madzi a wudhu m'bandakucha kuzizira kwa June kuli pachimake, alipo wosesa, alipo wochapa mphasa. Ambiri a ife sitidziwa kuti ndani. Mwina pa Tsiku la Kiyama tidzam'funa kuti atiyankhulire.

Tsono titani? Choyamba, aliyense wa ife akhale ndi ntchito imodzi yabwino imene sakuidziwa mkazi wake, mwamuna wake kapena bwenzi lake: raka ziwiri usiku, mametikali ochepa opita kwa wamasiye kudzera m'dzanja lachitatu, ngongole ya mnansi yolipiridwa ku golosale mwakachetechete. Zimanenedwa m'mabuku a mbiri kuti Ali ibn Al-Husayn, mdzukulu wa Ali ibn Abi Talib, ankasenza matumba a chakudya usiku kupita nawo m'makomo a osauka a ku Madina, ndipo iwo anadziwa wowadyetsa pamene iye anamwalira chakudyacho n'kuleka kufika. Surat Al-Baqara, ndime 271, ikuvomereza sadaka yoonekera, koma ikunena kuti yobisa ndiyo yabwino koposa kwa ife.

Chachiwiri, musanatumize chithunzi kapena mawu, imani pang'ono mufunse mtima kuti pakanakhala palibe woyamikira mukanachitabe kodi. Koma musasiye ntchito yabwino poopa riyaa, pakuti umenewonso ndi msampha wa Shaytwan. Konzani niyya, pitirizani ntchito. Mapanga awiri avumbwitsa: ntchito imodzi singakhale ya Allah ndi ya anthu nthawi imodzi.

Chachitatu, manja athu asakhale m'gulu la okhwekhwereza anzawo. Munthu akalakwa, kaya ndi wotchuka kaya ndi mtsikana wa m'mudzi mwathu, foni iliyonse imasanduka bwalo la milandu, ndipo aliyense amakoka mwendo wake. Surat Al-Hujurat, ndime 11 ndi 12, ikuletsa kusekana, kutchulana mayina onyoza, kufufuzana zobisika ndi miseche, ndipo ikufanizira wamiseche ndi wodya mnofu wa m'bale wake wakufa. Kutumiza kwa ena uthenga wonyazitsa munthu ndi kudya nawo mnofuwo, ngakhale sunaulembe ndiwe. Wobisa manyazi a Msilamu mnzake, Allah adzam'bisira ake.

Chachinayi, kwa inu makolo: mwana amene sayamikiridwa kwawo amakafuna kuyamikiridwa kwa alendo. Muuzeni mwana wanu kuti mwaona khama lake, m'dalitseni akabwera ku madrasa, khalani naye pansi mumve zimene akuonera. Ndipo inu anyamata amene munatifunsa funso lija, Allah akudalitseni chifukwa chofunsa. Yankho lanu ndi ili: aliyense pa dziko lino akukoka kanthu, ndipo chimene wakoka ndicho chidzam'koka. Sankhani katundu amene mudzakondwe kum'tsatira.

E Allah, dalitsani ndi kupereka mtendere kwa Mtumiki Wanu Muhammad, akubanja kwake ndi maswahaba ake onse. E Allah, yeretsani mitima yathu ku uchiphamaso, ntchito zathu ku riyaa, malilime athu ku bodza. Chititsani kuti zobisika zathu zikhale zabwino kuposa zoonekera zathu. Musatiyalutse pa tsiku limene zinsinsi zidzaululidwa, ndipo nkhope izi zimene zagwetsedwa pansi pokulambirani musazilole kukhwekhwerezedwa ku Moto. E Allah, tivekeni chovala cha taqwa, ife ndi ana athu. Sungani ana athu amene ali pa ulendo ndi amene ali m'maiko a eni, apatseni rizq ya halal, muwabweze kwawo ali amoyo ndi Imani yawo. Chizani odwala athu, chitirani chifundo akufa athu, dalitsani minda yathu ndi mvula yopindulitsa. Ikani mtendere mu Mozambique, m'Malawi ndi m'maiko onse, ndipo tikhalitseni bwino ndi anansi athu. Ameen.

Inu akapolo a Allah, m'kumbukireni Allah, muthokozeni pa mitendere Yake, ndipo imirirani tiswali.